Fufutani, Muyambirenso

Amayi anga anataipa pa kampani ya malole zaka makumi awiri ndi zitatu. Madalaivala ankawatchula Mayi Zala, chifukwa ankataipa maso ali pawindo. Ntchito yawo yaikulu inali mafomu a katundu. Mafomuwo ankabwera osindikiza kale ndi timabokosi take: ka dzina, ka kulemera kwa katundu, ka kumene akupita. Amayi anayeza kabokosi kalikonse ndi lula mpaka mawu ankagwera m'malo mwake ndendende.

Kenako kunabwera mphwake wa bwana, wa tayi ndi mafuta onunkhira, ati ndi manijala. Sabata yoyamba yomweyo analamula kuti m'makompyuta monse aikemo pulogalamu yaulere, ija munthu amangoitenga pa intaneti. Pulogalamuyo ilibe mlandu, ineyo ndimaigwiritsa ntchito. Koma amayi atamuuza kuti, "Achimwene, tiyambe tayesa mafomu, mawu angasunthe," iye anaseka pamaso pa madalaivala.

"Amayi, vuto si pulogalamu ayi. Vuto ndi ukalamba. Kapumeni."

Anawachotsa ntchito Lachisanu. Anafika kunyumba ndi kapu yawo ndi khushoni m'jumbo, osalira. Ndinalira ndi ineyo, ndipo mpaka lero munthu ameneyo ndikamuona mtima umandiwira.

Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa anangogonera masiku atatu basi! Lolemba dzina la kasitomala likugwera m'bokosi la kulemera, kulemera kukugwera posainira. Pageti la fakitale yolandira katundu akubweza malole, ati mapepala ake ndi osamveka. Malole asanu ndi awiri anangoti ndandanda pabwalo, madalaivala akuwodzera kunsi kwake.

Lachitatu bwana mwiniwake anaimba foni, kuwapempha kuti abwerere. Amayi anangoti, "Abwere amene anandichotsayo." Anabweradi, tayi ali m'thumba. Anamusiya ataima pakhomo mpaka iwo atamaliza kusita.

Iye sankadziwa kuti masiku onsewo amayi anali pa laputopu yanga, ndipo pulogalamuyo anali ataidziwa kale mpaka m'matumbo mwake. Ntchito anavomera kubwerera, koma anati fomuyo akonze yekha manijalayo, iwo azingophunzitsa.

M'mawa mwake anamukhazika pampando wawo, lula m'manja, madalaivala atadzaza pakhomo ndi pawindo. Akasindikiza, amayi ankatenga pepala, kuliunika pawindo mosafulumira, n'kuti, "Ayi. Fufutani, muyambirenso."

Manijalayo thukuta kamukamu, malaya atamata pamsana. Dalaivala wina ankawerenga mokweza kuti ndi pepala lachingati, anzake n'kumavomereza ngati kutchalitchi. Amayi anavomera pepala la khumi ndi chimodzi.

Atabwera kunyumba ndinawafunsa ngati munthuyo analidi wouma mutu chonchi. Anapukusa mutu uku akuvula nsapato.

"Ayi mwanawe, mutu ali nawo. Anakhoza pa pepala lachitatu."