Chithunzi cha amayi pa Nkando

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene a Thomu anafika pa Nkando ndi chikwama cha makamera. Anali mwana wa konkuno, koma tauni inali itawalowa m'mutu, moti ankatiyankhula ngati amatidyetsa ndi iwo. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa ana m'holo ya kuseri kwa msika, monunkha mileme, n'kumatiphunzitsa kujambula. Kamera ndinaikonda, koma eni akewo ayi.

Tsiku lina anatituma kuti aliyense akajambule munthu wa kwawo. Kwathu kuno munthu sajambulidwa mmene wadzukira. Amayi anasamba, anadzola mafuta, anabwereka duku kwa anzawo a kumpingo, n'kukaima pakhomo la nyumba ya njerwa ya aneba. Sanaseke, poti kwa iwo chithunzi sichinali chibwana. Ndinawajambula, ndipo aka kanali koyamba kujambulidwa pa moyo wawo.

A Thomu atachiona anatsonya.

"Bodza ili. Amayi ako amakhala chonchi?"

Anadina batani, chithunzi chija n'kufufutika ine ndikuona.

Patapita masabata, anakonza chionetsero m'holo muja, alendo a ku Blantyre n'kubwera pa galimoto. Amayi anavalanso duku lobwereka lija kuti akaone ntchito ya mwana wawo. Titangolowa, pakhoma panali chithunzi chachikulu. Anali amayi akuchokera kumunda, mtolo wa nandolo pamutu, bulauzi yong'ambika paphewa, mapazi ali mbuu. A Thomu anawajambula mobisalira pamsewu. Pansi pake analembapo kuti "Wothawa nkhondo".

Amayi anawolokera pa Muloza kuchokera ku Mozambique ine ndisanabadwe, mlongo wanga ali kumsana. Zinawatengera zaka kuti anthu asiye kuwatchula dzina limenelo. Tsopano anyamata ogulitsa pamsika anali kuwawerengera mokweza, akuseka.

"Achimwene, munandipempha?" amayi anafunsa a Thomu.

"Mayi, izi ndi zaluso. Alendo achikonda kwambiri."

"Kajambuleni amayi anu ali chonchi, alendowo akawakonde."

Amayi anachikanganula chithunzicho pakhoma, n'kuching'amba pakati, kenako n'kung'ambanso. Madzulo ake a Thomu anandiuza kuti ndisadzapondenso m'holomo, akuti ndife anthu osayamika. Ndinalira chifukwa cha kamera, koma sindinawakwiyire amayi ngakhale pang'ono.

Lero ndimajambula anthu pa Muloza, a maukwati ndi a zitupa. Munthu akati dikirani ndikasinthe, ndimakhala pansi n'kudikira, ngakhale dzuwa lipendeke. Ndinazindikira kuti nkhope ili ndi mwini wake, ndipo ndiye wonena mmene ionekere.

Ena amati a Thomu anatsegula ana maso. Ine sindinawakhululukire. Amayi sanalolenso kamera kuwaloza, ngakhale yanga. Pamaliro awo abale anandifunsa chithunzi choika pabokosi, poti wojambula ndine. Ndinalibe.