Foyilo ya Alamu Anga a Glenys

Alamu anga a Glenys amayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Geraldton. Ndi akulu ake a mkazi wanga Noelene. Ndi mayi wamfupi, wochepa thupi, wa zaka 57, koma akangotsokomola basi yonse imati zii. Ntchitoyi amaikondera chinthu chimodzi: ikamakwana folo koloko amakhala atatsitsa mwana womaliza, ndipo nthawi imeneyo mphepo ya kummwera imakhala ili pachimake.

Ali mtsikana ankasewera pamafunde ndi thabwa la thanga, mpaka phewa linayamba kuvuta, adokotala n'kuwaletsa kukoka zolemera. Anatha zaka zisanu ndi chimodzi akuonerera anzawo ali m'galimoto, akudya tchipisi, akunyoza aliyense wogwa. Kenaka kunabwera masewera atsopanowa. Umagwira m'manja phiko lopopa mpweya, utaima pathabwa, ndipo pansi pa thabwalo pamakhala foyilo: mlongoti wopyapyala wolowa m'madzi, kumapeto kwake kuli phiko lina longa la ndege. Liwiro likakwana, phiko lapansilo limanyamula thabwa, iwe n'kumayenda m'malere madzi ali pansi. Ine ndinayamba kaye. Iwo ananditsatira patapita chaka, ndipo m'miyezi itatu anali atandipitirira.

Anaphunzirira m'madzi odekha a kugombe la m'tauni, pa foyilo yanga yakale ya phiko lalikulu ngati chitseko cha firiji. Pophunzira inali yabwino, chifukwa inkanyamuka ngakhale ndi kamphepo kochepa. Vuto linaoneka Loweruka lina mu Novembala, pamene ndinawatengera koyamba ku Coronation, kumafunde enieni.

Funde likawakankha, liwiro linkachuluka, chiphikocho n'kuwakweza mpaka kutumphukira kunja kwa madzi. Phiko likangolawa mpweya, basi, munthu amagwa chamutu. Ndinawerenga maulendo asanu ndi awiri. Anatuluka mlomo utang'ambika, koma akuseka.

"Alamu, mwaona? Lomalizali ndinalikwera. Masekondi atatu, koma ndinalikwera."

"Ndaona munthu akuuluka ngati jumbo," ndinatero. "Kukwerako sindinakuone."

"Chitseko chanu cha firijichi ndicho chikundiponya. Ndikufuna foyilo yangayanga, ya mafunde."

Mawu amenewo anawanena mokweza pamalo oimika magalimoto, ndipo mphindi zisanu zisanathe anali atazunguliridwa ndi alangizi. Wolankhula kwambiri anali Dominic, msodzi wa nkhanu, chimunthu cha khosi ngati ng'ombe.

"Achemwali, musavutike," anatero Dominic. "Tengani ya phiko lalitali, lopyapyala, ngati yangayi. Mukangonyamuka simutsikanso. Muzichoka pafunde ili kupita palinalo osagwiritsa n'komwe mphepo."

"Nanga imakhota?"

"Mukufuna kukhotera kuti? Kunyanja kulibe mphambano."

Dominic anawabwereka foyiloyo Lolemba. Zoti siitsika zinali zoona. A Glenys anatsetsereka mtunda wautali mpaka ndinasiya kuwaona. Koma atafuna kukhota kuti abwerere pankhope ya funde, foyilo inakana, nsonga ya phiko n'kutulukira kunja, iwo phwaa m'madzi.

"Basi yanga imakhota bwino kuposa chimenechi," anamuuza Dominic pobweza. "Ndipo basiyo imakhala ndi ana makumi anayi."

Lachitatu anakatenga yoyesera kushopu ya m'tauni, kakang'ono kwambiri, kamene amakakonda anyamata othamanga. Tsikulo mphepo inali yofooka. Anapopa phiko la m'manja, kupondaponda thabwa, koma osanyamuka. Madzi anawakokera kumpoto pang'onopang'ono, ndipo anabwerera wapansi mumchenga makilomita awiri, thabwa lili pamutu, ntchentche zili kumaso. Ndinaganiza kuti afika atakwiya. Anafika akulankhula okha.

"Chachikulu chikundiponya, chachitali sichikhota, kakang'ono sikanyamuka. Ndiye kuti yanga ili pakati penapake. Ndatsala pang'ono kuipeza, alamu."

Usiku wa Lachinayi sanabwere kudzadya nafe monga mwa masiku onse. Noelene atawaimbira, anati ali kalikiliki kuyeza mapiko a anthu ndi tepi ya telala n'kumalemba pakhoma la garaja.

Amene anawathandiza anali munthu amene sitinkamuwerengera n'komwe. Bambo Quang amalima tomato chakum'mawa kwa tauni. Ndi a zaka 66, oonda, osalankhulalankhula. Amafika mochedwa pa lole yawo yonunkha manyowa, kulowa m'madzi, kukwera mafunde awo mwakachetechete, n'kumapita. Lachisanu anaima pafupi ndi a Glenys akumanga zipangizo zawo, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, mumalemera bwanji?"

"Bambo Quang, funso limenelo mwafunsapo akazi angati kuti mukhalebe ndi moyo?"

"Ine ndimalemera makilogalamu 59," anatero iwo osaseka.

A Glenys anayankha: "Ine 58."

"Ndimaganiza choncho. Onse akukulangizaniwa ndi a 90 kupita m'tsogolo. Phiko limene limanyamula Dominic, inu likuponyerani kumitambo. Takwerani yangayi."

Phiko lake linali lapakatikati, losatalika kwambiri, nsonga zake zopindikira pansi pang'ono, kamchira kakang'ono. Mlongoti unali wautali kuposa umene a Glenys anauzolowera, ndipo a Quang anati umenewo umapatsa munthu mpata funde likamukweza. Anaimanga okha pathabwa la a Glenys. Atamanga anaimasulanso, n'kuisunthira kumbuyo pang'ono, mwina chala chimodzi.

"Funde likakutengani, lemetsani mwendo wakutsogolo. Osayang'ana pansi."

"Ndikaithyola pamiyala?"

"Mudzathyola tomato kumunda kwanga mpaka Khirisimasi."

Mphepo tsiku limenelo inali yamphamvu, mafunde ofika m'mapewa, obwera mwadongosolo. Ndinalowa nawo, ndili chakumbuyo kwawo. Ananyamuka atapopa kanayi kokha. Anapita kutali, n'kutembenuka, ndipo ndinaona funde likutukumuka kumbuyo kwawo. Linawatenga. Ndinayembekeza kuti foyilo itumphukanso, koma anapinda bondo lakutsogolo, thabwa n'kukhazikika. Kenaka anachita chimene anali asanachitepo: anasiya phiko la m'manja kuti lizingowatsatira kumbuyo, ataligwira ndi dzanja limodzi, n'kutsala iwo ndi funde basi.

Anatsika nalo mpaka pansi, n'kukhota. Foyilo inamvera. Anakweranso pankhope ya funde, n'kukhotanso. Kachitatu, kachinayi. Madzi anali obiriwira, oonekera mpaka pamiyala, ndipo kamayi kaja kankadutsa pamwamba pake popanda phokoso lililonse, kupatula kukuwa kwawo, kumene ndinakumva ngakhale mphepo inkawomba. Ndinaiwala kuti nanenso ndili pathabwa, ndinagwa. Nditadzuka ndinapeza nawonso agwa, chifukwa anacheuka kuti aone ngati tikuwaona.

"Warwick, mwawerenga?" anandikuwira ali m'madzi.

"Kanayi."

"Kasanu! Kuwerenga simutha."

Sanatuluke mpaka dzuwa litafiira. A Quang anakhala pa lole yawo nthawi yonseyo, atavala kale zosambira, opanda foyilo yolowera m'madzi, akudya malalanje. A Glenys atatuluka anakhala pansi mumchenga.

"Pepani bambo, ndakudyerani tsiku."

"Ndinaona kuti simubwera msanga. Mwakhota bwino. Koma manja mukuwatambasula ngati mukuyanika zovala."

Dominic anabwera, n'kuinyamula foyiloyo, kuitembenuza uku ndi uku. "Kachidole aka? Ine kangandimize."

"N'chifukwa chake si kanu," anatero a Glenys.

Kushopu anawauza kuti yofanana nayo ifika pakatha milungu isanu. A Quang anati Lachiwiri ndi Lachinayi amakhala akupakira tomato, choncho masiku amenewo aziitenga yawo. Umu ndi mmene alamu anga anayambira kudutsira kumunda kuja akaweruka, ndipo nthawi zambiri ankachokako ndi foyilo pamodzi ndi mbale ya chakudya chimene mayi Quang awakakamiza.

Foyilo ya a Glenys inafika Lachitatu lina m'mawa. Anakaitenga pa basi yomweyo, bokosilo n'kulikhazika pampando wakutsogolo, kulimanga lamba. Ana atafunsa kuti muli chiyani, anawauza kuti aliyense wolikhudza atsikira pomwepo. Koma masana ake mphepo sinabwere. Mawa lake chimodzimodzi. Masiku anayi nyanja inali ngati galasi, zimene kuno sizichitikachitika mu Disembala. A Glenys anaimanga foyiloyo pabalaza, kuimasula, kuimanganso, n'kumatiimbira foni kufunsa ngati masamba a mitengo akugwedezeka kwathu.

Lamulungu cha m'ma leveni mbendera ya kudoko inayamba kukupiza. Ine ndinali pakati potchetcha kapinga pamene galimoto yawo inaima pageti, hutala ikulira.

"Siyani udzuwo, alamu, suthawa. Kwerani."

Ndinakwera ndi nsapato za kumunda. Titafika ku Coronation tinapeza a Quang atafika kale, koyamba m'moyo wawo kufika msanga, atanyamula sipanala yawo kuti aone ngati a Glenys amanga bwino.