Tamale ndi Tamala

Ndikukumbukira Lamulungu lina la mvula titavala zovala za ku tchalitchi koma osapita ku tchalitchi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nthawi ija chuma cha Ireland chinagwa chagada, ntchito zomanga nyumba zitaima paliponse. Kampani imene bambo anga ankajambulako mapulani inali itatseka. Akanatha kutsala m'dzikomo kudzera m'mapepala a mayi, amene anali namwino, koma bambo sanali munthu woti n'kumangosuzumira pawindo tsiku lonse mkazi ali ku ntchito. Anali atagula kale tikiti yobwerera ku Malawi, ine n'kutsala ndi mayi chifukwa cha sukulu. Aliyense ankadziwa zimenezi kupatula ine.

Tinakwera sitima ya mumsewu yotchedwa Luas ku Tallaght mpaka m'tauni, n'kukalowa mu lesitilanti ya zakudya za ku Mexico imene bambo ankailoza nthawi zonse tikamadutsa, amvekere "tsiku lina." Munali nsalu zoyera mbee pamatebulo, makandulo akuyaka masanasana, fungo la tsabola wowotcha ndi mandimu lili guu. Koma anthu munalibe. Wopereka zakudya, mzungu wamtali wa maso otopa, anatilandira ngati abale ake otayika. Mayi anayang'ana mafoloko atatu amene anawaikira, n'kundinong'oneza kuti mwina akuganiza kuti ali ndi manja atatu.

Chakudya chinabwera chaching'onong'ono pakati pa mbale yaikulu, chokulungidwa m'makoko a chimanga. Ine, mwana wa ku Dublin amene ndinali ndisanaonepo munda, ndinaluma ndi makoko omwe. Bambo sanandiseke. Anandimasulira pang'onopang'ono, nthunzi ikutuluka, kenaka anatenga khoko limodzi n'kulinunkhiza nthawi yaitali. Anafunsa wopereka zakudya uja dzina la chakudyacho, iye n'kuyankha kuti ndi tamale.

"Wamva, mayi a Lusungu?" anatero bambo, akuseka kuseka kosafika m'maso. "Ngakhale chakudya chikudziwa. Tamala."

"Bambo a Lusungu, osati pano. Mwana adye kaye."

Ine ndinkaona ngati lilime lawo laterereka, monga linkachitira ndi mawu ena achizungu. Ndinawakonza mwamatama, m'Chingerezi changa cha kusukulu, kuti si tamala, Adadi, ndi ta-ma-le. Bambo anabwereza momvera ngati mwana wa Sitandade 1, mpaka ndinakhutira. Mayi ananyamuka kupita kuchimbudzi ndipo anakhalitsako, chakudya chawo mpaka kuzizira. Pobwerera mu Luas bambo anandigwira dzanja njira yonse, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Lachinayi lake tinawaperekeza ku bwalo la ndege.

Bambo ndi a ku Rumphi. Chichewa ndinkachimva ngakhale ndinkayankha m'Chingerezi, koma Chitumbuka chawo sindinkachidziwa n'komwe. Ndinadzamva ndili wamkulu, mayi akundiuza za msuweni wanga Tamala amene anabadwa abale ake atatsatizana kumanda, kuti m'Chitumbuka mawuwo amatanthauza kuti tatha. Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira ku bwalo la ndege.

Lero chuma chinadzuka, nyumba zikumangidwanso. Lesitilanti ija inatseka chaka chomwecho, pano pamagulitsidwa mafoni, ndipo zakudya za ku Mexico ana amangodya choimirira mumsewu. Bambo sanabwerenso. Ukwati wawo unazilala wokha popanda wokangana ndi mnzake, ndipo chichokereni sitinagonenso pansi pa denga limodzi atatufe. Tikamacheza pa foni, nthawi zina amandifunsa mwanthabwala kuti, "Paja zija za m'makoko zija mumati chiyani, aphunzitsi?" Ndimawayankha kuti anatchula bwino ndi iwo.