Anaiwala chitenje m'injini, wochotsedwa ntchito ndine

Amakaniko amene anaika injini yatsopano m'kandege kathu andichotsetsa ntchito! Ine ndimawulutsa kandege kopopera mankhwala pa famu ina kufupi ndi Golomoti. Lero ndili pakhomo chifukwa cha ulesi wa anthu ena. Ndakwiya zedi.

Lolemba 7 koloko m'mawa anati zonse zatheka. Ndinanyamuka. Mphindi zisanu ndi zitatu zokha, ndili pamwamba pa Mtakataka, geji ya kutentha yafika pofiira. Ndinatembenuka msangamsanga, n'kutera thukuta lili kamukamu.

Ndinaimbira mkulu wawo, a Kamwendo. Akuti, "Injini yatsopano imatero, ikuzolowera." Ikuzolowera? Ndi mkamwini kodi?

Lachiwiri analonjeza 8 koloko, anafika 11. Anasintha geji, ati yakaleyo imanama. Ndinawuluka, pofiira pomwepo. Lachitatu anathira oilo wina. Chimodzimodzi! Ndinawapempha kuti atsegule chivundikiro chonse tione njira za mphepo, poti injini iyi ilibe madzi, imazizira ndi mphepo basi. A Kamwendo anandiseka. "Inu wulutsani ndege, za sipanala tisiyireni. Kuno n'kotentha, si ku Dedza boma kuno."

Kenaka anakauza mwini famu kuti ndine ndikuwononga injini, ati ndimakwera mothamanga. Lachinayi ndinalandidwa makiyi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwuluka popanda ngozi, lero ndaiwala kukwera?

Lachisanu ndinachonderera a Saidi, makaniko wa mathirakitala pa famupo, kuti titsegule tokha. Abale inu! Mkati, pamene mphepo imadutsa kukaziziritsa oilo, tinapeza chitenje chokulungiza, chitapserera m'mbali. Kuno ndege ikaima masiku angapo, timatseka mabowo ndi nsanza kuti mavu asamangemo zisa zadothi. N'zabwino zimenezo. Koma umawerenga nsanza zako! A Kamwendo ndi anzawo anachotsa ziwiri zapanja, yachitatu n'kuitsekera mkati.

Ndinawatumizira chithunzi a Kamwendo. Yankho lake? "Pepani achimwene, zimachitika. Koma bwana asadziwe."

Asadziwe? Ndiye ana anga adya chinsinsi chanucho?

Bwana akuti sandibweza popanda kalata yochokera kwa amakanikowo. A Kamwendo, munapita ndi miyendo yanu kukandinamizira, pitaninso ndi miyendo yomweyo mukanene zoona. Kalatayo ndikuifuna pofika Lolemba, dzina lanu lili pansi.

Anzanga owulutsa ndege, anthu awa akakusinthirani injini, musatsutsane nawo. Auzeni akwere nanu ulendo woyamba.