Tepi Yanga M'manja mwa Rudo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, omwe ankasesa pa kiliniki ina ku Kadoma, kuno ku Zimbabwe. Dokotala wa kafukufuku wa mtima ankafuna munthu wodziwa Chichewa, poti odwala ambiri anali nkhalamba zochokera ku Malawi, zogwira ntchito m'mapulazi, mafamu a kuno. Ndinkasiya mwana kwa apongozi ku Chinengundu n'kukwera kombi, minibasi ya kuno.

Wodwala akagona chagada, ndinkamukulunga lamba wa BP pamkono. Kenako ndinkayeza ndi tepi, yonga ya telala, kuchokera pamtsempha wa pakhosi kufika pa wa m'mphechepeche. Dokotala ankagunditsa kachitsulo komvera kugunda m'malo awiriwo. Manambalawo ankalowa m'kompyuta, ndipo masamu ake ankaonetsa liwiro la magazi, kuuma kwa mitsempha, ngakhalenso momwe mtima ungagwirire ntchito munthuyo atayamba mankhwala.

Pakompyutapo pankakhala Rudo, mtsikana wa Chishona. Msinkhu umodzi ndi ine, koma iye anamaliza folomu folo. Odwala ankamutcha sisita, ine ankangoti "iwe wa tepi". Ndinkamwetulira, koma mumtima munkawira. Tsono dokotala ananena kuti kafukufuku akasamukira ku Harare atenga mmodzi yekha, wodziwa zonse. Ndinkadzitonthoza kuti tepiyo Rudo sanaigwirepo.

Tsiku lina kunabwera agogo ena aamuna a ku Sanyati, miyendo yotupa. Atamva Chichewa changa anasangalala.

"Mfunda wako ndani, mtsikana?"

"Ndine Naphiri, agogo."

"Aa! Inenso Phiri. Ndiwe mwana wanga iwe!"

Tinaseka. Koma nditatambasula tepi, anagwira lamba wa buluku mwamphamvu.

"Mwana wamkazi kugwira bambo ake m'ntchafu? Ai, bola ndife nawo mtimawu. Abwere Mshonayo."

Ndinawanyengerera mpaka kugwada, osatheka. Dokotala anangoti, "Rudo, tenga tepi. Iwe muuze poyika."

Ndinaima kuseri kwa katani, nditafulatira, n'kumamuuza: fufuza ndi zala ziwiri, usakoke tepi, isapinde pamimba. Ndinkayembekeza kuti alakwitsa. Mwana wa eni ake anakhoza ulendo woyamba womwewo. Agogowo anapita ndi mankhwala awo akundidalitsa, Rudo anapita ku Harare.

Pano ndimayeza BP pa kiliniki ina ku Chegutu, ndipo ndikaona zithunzi za Rudo pafoni ndimadutsa msanga. Nkhalamba ikandifunsa mfunda, ndimayankha mwaulemu: "Tiyeze kaye, agogo. Zachibale tikamba mukavala."