Maondo afumbi a dalaivala wa buledi

Alamu anga, amuna a akulu anga, anthu amawadziwa ndi dzina loti a Hutala, ndipo dzinalo sanalipeze mwaulere. Anayamba kugwira chiwongolero ndevu zisanamere. Anayendetsapo malole a mchenga, anayendetsapo minibasi, ndipo konseko dzanja limodzi linkakhala pa hutala, mutu uli pawindo. Kutukwana ankakudziwa bambo amenewa. Wanjinga akangowadutsa kutsogolo, ankamutukwana iyeyo, njinga yakeyo, ndi amene anamugulitsa njingayo.

Ntchito ya kubekale ndinawapezera ndine. Ine kumeneko ndimakulunga buledi m'mapepala, ndipo dalaivala wathu wakale atapuma ndinakachonderera abwana, mayi amene ali eni ake a bekaleyo. Ndinawauza kuti alamu angawo pakamwa pokha ndiye powola, koma nthawi amasunga. Ankasungadi. Buledi ankafika m'magolosale akadali wofunda, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako mayi awo anamwalira, ndipo a Hutala anayamba kupita kutchalitchi. Palibe anakhulupirira. Munthu amene ankati Lamulungu ndi tsiku lotsuka galimoto! Tinkangoti ndi chisoni, ziwathera. Koma anabatizidwa ndithu, tayi ili pakhosi, misozi ikutsika mpaka m'kolala. Mkulu wa mpingo, bambo wofatsa, anawaphunzitsa kupemphera mmene amaphunzitsira ana: kugwada, kupinda manja, kutsinzina. Anawauzanso kuti munthu akalakwa asamazengereze, azipepesa kwa Mulungu nthawi yomweyo. Alamu ndi munthu wa zikwangwani za pamsewu, akauzidwa kuti apa imani, amaima. Zonsezo anazimeza osatafuna.

Pasanapite nthawi, buledi anayamba kuchedwa. Eni magolosale ankaimba foni kuti makasitomala amwa tiyi wopanda kanthu ndipo apita kuntchito. Ena anayamba kuwoda kubekale ina. Abwana akafunsa, alamu ankangoti, “Msewu, mayi.” Msewu wake womwe uja ankauthamanga kale osachedwa.

Kunyumba nakonso kunali moto. Akulu anga, amene nthawi imeneyo anali oyembekezera, anandikokera kubafa n'kundionetsa mathalauza a amuna awo. Onse maondo ali mbuu ndi fumbi, ena atayamba kubooka.

“Mwamuna sagwada chabe, iwe,” anatero akulu anga. “Kuli wina amene akumupepesa kumeneko.”

Ndinawafunsa alamu pandekha, mwaulemu poyamba, kenako mopanda ulemu. Anangondiyang'ana ndi maso ofatsa achilendowo n'kunena kuti zinthu zina sitiulutsa. Ndinapsa mtima kwambiri. Ine ndinaika nkhope yanga pa iwo, iwo n'kumandiyankha ngati m'busa.

Tsiku lina masana abwana anandiitanira mu ofesi. Pabenchi ya panja panali bambo wina wachilendo atakhala, laisensi ili m'manja, ndipo sindinafunikire kuuzidwa chimene anadzera.

“Mawa ndikwera nawo galimoto imeneyi,” abwana anatero. “Iwenso ukwera, poti unawabweretsa ndiwe. Ndikaone ndekha kumene buledi wanga amakagona. Tikabwerako, makiyi asiya patebulo pano.”

M'mawa mwake tinapanikizana atatu kutsogolo, ine pakati, fungo la buledi likutuluka kumbuyo. Alamu milomo anali ataitseka ngati aimata. Tinatsitsa pagolosale yoyamba bwinobwino, yachiwiri bwinobwino. Ndinayamba kupumako. Tikuyandikira pamphambano, minibasi ina inatilowerera mwadzidzidzi n'kuima pakati pa msewu kuti inyamule munthu. Alamu anaponda buleki, makireti kumbuyo n'kugundana, ndipo mawu aja anatuluka. Sindiwabwereza pano. Anali okhudza dalaivala wa minibasiyo ndi mtundu wake wonse.

Nkhope ya alamu inagwa nthawi yomweyo. Anayatsa indiketa, n'kupatukira m'mbali mwa msewu, n'kuzimitsa injini.

“Pepani mayi, pang'ono pokha,” anatero, n'kutsika.

Abwana anaganiza kuti tayala laphwa. Tinadikira, osabwera. Titatsika, tinawapeza kuseri kwa galimoto, atagwada pafumbi pafupi ndi tayala lakumbuyo, chipewa chili pansi, manja atapinda, maso atatsinzina zolimba. Anthu opita kuntchito ankawalambalala n'kumacheuka. Iwo milomo ikungogwedera. Ine manyazi anandigwira, koma chimene ndinamva kwambiri ndi kupepukidwa, chifukwa ndinaganiza za akulu anga ndi mathalauza aja.

Atatsegula maso n'kutiona, anadzuka mofulumira n'kumasasa maondo.

“A dalaivala,” abwana anafunsa, “zimenezi mumachita kangati pa tsiku?”

“Zimatengera aminibasi, mayi.”

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Iwo sankaseka. Anafotokoza kuti pakamwa pawo panazolowera zoipa, mawu amathawa okha asanawagwire. Ndiye poti ntchito yawo ndi ya pamsewu, pamene munthu amatha kufa nthawi iliyonse, sangapitirize ulendo ndi tchimo lili m'kamwa. Ayenera kupepesa pomwepo. Koma kupepesako kumafuna kugwada ndi kutsinzina, ndipo munthu sangatsinzine akuyendetsa galimoto. Nthawi zina akangonyamuka, wanjinga amawalakwitsanso asanafike patali, n'kuimanso.

Abwana anapukusa mutu.

“Ine ndimapemphera manja ali mu ufa, maso ali pa uvuni,” anatero. “Ndikanati ndizitsinzina, bwenzi bekale ija itapsa kalekale. Mukuganiza kuti Mulungu amadikira kuti injini izime kuti amve?”

“Koma anatiphunzitsa kuti...”

“Anakuphunzitsani za m'nyumba, ndipo m'nyumba muzigwada ndithu. Za pamsewu ndikuphunzitsani ine. Kwerani. Muyendetse, maso pamsewu, manja pachiwongolero, ndipo mupemphere mokweza ndimve.”

Tinanyamuka. Alamu thukuta linali kamukamu. Anayesa kuyamba ndi mawu akuluakulu aja a m'tchalitchi, koma anasokonekera pamene mayi wina anadumpha msewu ndi mwana kumbuyo. Anayambanso, n'kusokonekeranso pa dzenje. Maso ankafuna kutsinzina okha, ine n'kumawagunda ndi chigongono.

“Ndikulephera, mayi. Mawu ake akundithawa.”

“Siyani mawu ake. Nenani zimene zili mumtima, ngati mukuuza munthu amene mwamunyamula.”

Tinadutsa pamsika. Kenako alamu anayamba, ndi mawu awo enieni, omwe aja amaitanira ana kunyumba.

“Ambuye, ndi ine, dalaivala uja. Pepani sindinagwade, ndili pantchito. Ujeni wa minibasi uja mumukhululukire, inenso mundikhululukire, ngakhale iyeyo ndi amene anayamba. Pakamwa pangapa mukupadziwa, ndikuyesetsa. Wanjinga uyo mumuone, alibe mabuleki.” Anasintha giya. “Ambuye, mayi akhala kuwindowa abwera kudzandichotsa ntchito. Munthu wolowa m'malo mwanga ndinamuona dzulo pabenchi. Sindikuwada, buledi ndachedwetsadi. Koma kunyumba mayi a ana ali pafupi kuchira, ndipo ine ntchito ina sindiidziwa, koma chiwongolerochi. Ndikuopa, Ambuye. Ndakhala ndikuopa masiku onsewa, koma ndikagwada ndimangonena za kutukwana, izi ndimaiwala kukuuzani. Ngati n'kotheka, muwafewetse mtima. Basi, ndathera pomwepa, tafika pagolosale.”

Anaimika galimoto bwinobwino pakhomo pa golosaleyo. Ine ndinkayang'ana maondo anga, chifukwa abwana athu si munthu woti n'kumuika pakona. Alamu nawonso anali atangozindikira kuti zonse zija anena mwini wake akumva, ndipo anagwira chiwongolero osayang'ana kumbali.

Abwana anatsegula chikwama, n'kutulutsa kansalu, n'kupukuta magalasi awo pang'onopang'ono.

“Ameni,” anatero.

Alamu anatembenuka. “Mayi?”

“Ndati ameni, a dalaivala. Kapena kutchalitchi kwanu sanakuphunzitseni tanthauzo lake? Tsikani mutsitse buledi, akuzizira.”

Alamu anatsika n'kunyamula makireti ambiri kuposa amene golosaleyo inawoda, mpaka mwini wake anawabweza nawo ena. Ine ndinatsala pampando paja ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, abwana akundiuza kuti ndisiye zachibwana, anthu akutiona.

Titabwerera kubekale, alamu anaima pakhomo la ofesi makiyi ali m'manja, osadziwa kuti alowe kapena ayi. Abwana anawadutsa osaima, akumanga epuloni.

“Amenewo ikani m'thumba,” anatero. “Mawa mulawirire.”