Masamba a Maliro Pakanjira ka Kumtsinje

Wailesi ya amalume inali yofiira, yomangidwa ndi mphira kumbuyo kuti mabatire asagwe. Anaigula kutsidya kwa malire, ku Milanje ku Mozambiki, ndipo ankati imamva bwino Chipwitikizi kuposa Chichewa. Chaka chimenecho inafika kwathu Khirisimasi itayandikira, pamodzi ndi mwini wake, akazi awo, ana awo, ndi njala imene sindinaionenso mpaka pamene ndinapita ku koleji, komwe ndinakhalako mwaulemu n'kuchokako osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu sipanakhalenso chete. Mabatire akatha, amalume ankapitiriza okha.

Bambo anali ku Joni, ankapezeka pa foni ya aneba basi. Choncho Khirisimasi yonse inatera pamutu pa amayi. Mvula ikagwa tiyi sayang'ana kalendala, amangophuka. M'mamawa ankanyamuka dengu lili kumsana kukathyola ku esiteti, n'kubwera zala zitada, akununkha tiyi wamuwisi. Akatero kumunda kukapalira. Akatero kuphika nyemba za kalongonda, amene amafuna kumuwiritsa ndi kumutaya madzi mobwerezabwereza ngati mlandu wa malo. Akatero kutchalitchi: kuzira pansi, kupachika maluwa, kuphunzitsa nyimbo, kuyendera odwala. Aliyense wofuna kanthu ankaidziwa njira ya kwathu. "Inu ndiye simukana," ankatero anthu, ngati akuwaveka mendulo.

Tsiku lina ndinawapeza ataima pakati pa bwalo, ndowa itapendekeka m'manja, madzi akutayikira pamapazi awo, iwo osadziwa. Ankayang'ana phiri. Mwezi umenewo phiri la Mulanje limafunda mtambo wakuda mpaka m'chiuno, ndipo ana tonse tinkadziwa kuti munthu akaliyang'anitsitsa choncho ndiye kuti lamuitana.

Kumtunda kwa mudzi kunali tchalitchi chakale chimene madzi ochokera m'phiri anachigumula khoma ine ndisanabadwe. Denga chinalibe. Kanjira kachidule kopita kumtsinje kankadutsa pomwepo. Masana ena ana a amalume anabwerera akuthamanga, sopo ali m'manja. Anati pakanjirako pali masamba aawisi oyalidwa mopingasa, monga timachitira pamsewu pakagwa maliro. Kwathu masamba amenewo amaopedwa kuposa apolisi: wa kabaza amatsika njinga, bambo amavula chipewa, ngakhale woledzera amatsitsa mawu. Koma kumeneko kunalibe nyumba, kunalibenso womwalira. Odwala a m'mudzi onse anayenderedwa, ndipo onse anapezeka akupuma, ena monyinyirika.

Madzulo amuna atapita kukaona, sanapeze kanthu. Mawa lake masana masamba analiponso, atsopano, utomoni ukutulukabe pothyolapo.

"Malodza awa, achemwali," amalume anauza amayi, akutafuna nanazi. "Eni phiri akonza maliro a munthu woti akuyenda. Kodi tiyi uja watha?" Amayi anadzuka kukatereka madzi. Aphunzitsi athu a Sande sukulu analengeza kuti Mkhristu saopa masamba, kenako anayamba kuzungulira njira yaitali popita kumtsinje, ati chifukwa cha matope. Kanjira kaja kanafa. Ngakhale mbuzi anthu ankazibweza zisanafikeko.

Ine ndinachita masamu. Ndani m'mudzi muno akuwonda, sakuyankhula, akuyang'ana phiri? Pa mayeso onse a moyo wanga, amenewo okha ndi amene ndinapeza yankho msanga. Ndinayamba kuwalondera amayi ngati nkhuku yoti yagulidwa kale. Ndipo ndinaona kuti masana alendo akakhuta n'kugona pakhonde, iwo ankatenga ndowa n'kusowa.

Tsiku loti mawa Khirisimasi ndinawatsatira. Kunja kunali kolemera, kopanda mphepo, monga kumakhalira mvula isanagwe. Nyenje zinkalira, kenako zonse zinasiya pamodzi. Amayi anafika pakanjira paja, anatula ndowa, anayang'ana uku ndi uku. Anathyola nthambi m'tchire la m'mbali n'kuziyala mopingasa, n'kuziwongola ndi phazi monga amayalira mphasa ya mlendo. Kenako anazilumpha, n'kulowa m'tchalitchi chakale chija.

Ndinali ndisanamvepo za munthu wodziyalira yekha masamba a maliro. Pofika pamasambapo ndinafuna kuvula chipewa, koma ndinalibe, choncho ndinavula mapatapata.

M'katimo udzu unkafika m'maondo. Mipando yadothi inali itasungunuka ndi mvula, itasanduka timilu tondandalika ngati mitumbira. Abuluzi anali pakhoma, osagwedezeka. Amayi anali atakhala pansi, msana atatsamiritsa pamene kale pankaima mlaliki, miyendo atawongola, manja ali pamiyendo chotambasula, maso atatseka. Sikunali kupemphera kumene ndinkakudziwa. Sanagwade, milomo sinkagwedezeka, ameni panalibe. Ntchentche inatera pachipumi pawo, inayenda mpaka pachikope, iwo osaiingitsa. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya munthu wachilendo.

"Amayi, musafe!"

Anatsegula diso limodzi. "Wabwera ndi ndani?"

"Ndekha."

"Ndiye khala pansi. Pakamwa utseke."

Ndinakhala. Ndinagwira nsonga ya chitenje chawo kuti chilichonse chowatenga chiyambe chakambirana ndi ine. Patapita nthawi ndinalephera kupirira.

"Mukupemphera?"

"Ndikumvetsera."

"Ndiye Mulungu akuti chiyani?"

"Sakundituma kanthu."

Ndinafunsa za masamba aja, kuti ndi a ndani. Anayankha maso ali chitsekere. "Kuno munthu amamuleka kuti apume akamwalira, mwanawe. Ine ndangobwerekako."

Lero ndikudziwa zimene anaika pachiswe. Kuyala masamba popanda maliro ndi kuitana imfa m'mudzi, ndipo zikanamveka, akulu ampingo akanawakhalira pansi, amayi anzawo akanasiya kudya chakudya cha m'manja mwawo. Ndawerengapo timabuku tambiri tonena za kupumula mwa Ambuye, tolembedwa ndi anthu okhala ndi zipinda zotseka ndi kiyi. Amayi analibe chitseko chimene munthu sakanachigogoda. Anatenga chokhacho chimene mudzi wonse unkachilemekeza.

Koma tsikulo zonsezi sizinali m'mutu mwanga. Ine ndinkangoyang'ana chifuwa chawo chikukwera n'kutsika, ndikudzitama mumtima kuti ndafika pa nthawi yake. Madontho oyamba atagwa pa udzu, anadzuka pang'onopang'ono, anakung'untha chitenje, anakatola masamba aja n'kuwaponya m'tchire. Tinatsikira kumtsinje, iwo patsogolo ndi ndowa, ine pambuyo ndi mapatapata m'manja.

Pobwerera ndinawauza, ndi mawu a munthu wamkulu, kuti asadandaule. Kuyambira tsopano ndizibwera nawo masana alionse, asamakhale okha kumalo koopsa ngati kuja. Ndinawonjeza kuti ndikhoza kumabwera ndi mwana wamkulu wa amalume, amene ankadziwa nyimbo zambiri.

Anaima pakati pa njira, ndowa ili pamutu, mvula ikutsetsereka pankhope pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zikomo, bambo," anatero.

Masamba aja sanaonekenso. Amalume anauza aliyense kuti anawathamangitsa ndi pemphero lawo la pa Khirisimasi, lomwe linali lalitali mpaka mpunga unazizira. Ine ndinkangomwetulira pakona, podziwa amene anagwiradi ntchitoyo. Masana alionse ndinkakhala pafupi ndi amayi, kuwatsata kuchitsime, kukhitchini, ngakhale kudikira pakhomo la bafa. Ndinkaganiza kuti ndawapulumutsa.